MSEWU NGWA YANI? MBIRI YA NJINGA M'DZIKO LA TIYI

 Madzulo ano tikamba za chinthu chimene ambiri a ife tili nacho pakhomo, chotsamira kukhoma kapena chogona m'chipinda pamodzi ndi makasu, chinthu chimene timachiganizira pokhapokha tayala likaphwa. Tikamba za njinga yakapalasa. Ndipo kuti nkhani yathu isauluke m'malere, tiimangirira pa dera limodzi, dera la Mfumu Chimaliro m'boma la Thyolo, pamodzi ndi minda ya tiyi yoyandikana nalo, ndiponso misewu imene imachoka kumeneko kuloŵera ku Limbe.

Munthu akalaŵira tambala woyamba nakaima m'mbali mwa msewu pa Goliati, amayamba kumva asanaone. Amamva tcheni chosoŵa mafuta chikulira, zigubu za mkaka zikugundana, ndi befu wa munthu amene akukankha katundu pa chitunda. Kukayamba kuyera amawaona: uyu wamanga madengu a tomato, uyo kabichi, wina nkhuku, wina wakweza mayi wodwala kupita naye kuchipatala, ndipo wina, mlonda wa usiku, akubwerera kumudzi pamene anzake akupita. Ena atsata msewu wa Midima, ena akaloŵa msewu wodzera pa Bvumbwe, koma ambiri a iwo mtima uli ku Limbe. Pambuyo pawo pamadza malole a tiyi, maminibasi ndi magalimoto ang'onoang'ono, ndipo onseŵa amafuna malo pa phula lomwelo. Funso lathu madzulo ano ndi ili: kodi msewu umenewu ngwa yani? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, pakuti chimene chikuchitika pamsewu lero chidayamba kalekale.

Njinga isanafike, katundu wa dziko lino ankayenda pamutu pa munthu. Atsamunda atakhazikitsa ulamuliro wawo m'chaka cha 1891, chilichonse chotsika m'sitima pa mtsinje wa Shire, kaya nsalu, kaya malata, kaya makina, chinkakwera mapiri pamitu ya amtengatenga. Mzungu mwini ankanyamulidwa m'machila, atagona chagada, anthu akusinthana mapeŵa. Ngakhale njanji itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, kudzera pa Luchenza, mtengatenga sudathe, ndipo pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali. Ena mwa iwo sadabwerere. Tikumbuke chimenechi, omvera, chifukwa munthu amene lero wamanga matumba atatu a makala pa kaliyala ndi mdzukulu wa mtengatenga uja. Katundu adachoka pamutu napita pa magudumu aŵiri, koma mphamvu yomuyendetsa ikadali ya m'miyendo ya munthu.

M'zaka zomwezo nkhope ya Thyolo, amene azungu ankamulemba kuti Cholo, idasintha. Khofi amene eni minda adayamba naye atakanika, iwo adatembenukira ku mbewu zina. Henry Brown adadzala tiyi ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo tiyi adafikako m'chaka cha 1908. Maclean Kay adayambitsa Satemwa mu 1923, Conforzi wa ku Italy adatsegula minda yake, ndipo pangano la maiko olima tiyi la 1933 litakweza mitengo pamsika, zitunda za Thyolo zidaphimbidwa ndi kubiriŵira kumene tikuona lero. Manja ambiri othyola tiyiyo adali a Alomwe, amene adaoloka malire kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, napatsidwa pokhala pa malo a azungu posinthana ndi ntchito ya thangata. Nthaka yabwino idapita ku tiyi, midzi idapanikizana m'malo otsala, ndipo kuyambira pamenepo munthu wa ku Thyolo adakhala munthu woyenda mtunda: kumudzi n'kwina, kuntchito n'kwina, kumsika n'kwinanso. Misewu ikuluikulu nayo idalambulidwa ndi cholinga chotulutsa tiyi ndi fodya kupita ku njanji ndi ku Limbe. Mwini mudzi woyenda pansi sadali m'maganizo a oilambula.

Tsono njingayo idachokera kuti? M'chaka cha 1817 Karl von Drais wa ku Germany adapanga chinthu chamatabwa cha magudumu aŵiri, chimene munthu ankachiyendetsa pokankha pansi ndi mapazi. Zopondera zidaikidwa ku Paris m'zaka za m'ma 1860, koma zidamangidwa ku gudumu lakutsogolo, kotero kuti pofuna liŵiro opanga ankalikulitsa gudumulo kufikira wokwerapo akhale ngati ali padenga, ndipo akagunda mwala ankagwa chamutu. Njinga imene tikuidziŵa ife, ya magudumu olingana ndi tcheni chokoka gudumu lam'mbuyo, adaitulutsa John Kemp Starley mumzinda wa Coventry ku England m'chaka cha 1885, ndipo anthu adaitcha njinga yosaopsa poifanizira ndi zazitali zija. M'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop, dotolo wa ziŵeto ku Belfast, adapanga tayala lopopa mpweya pofuna kuti mwana wake asamagwedezeke pa misewu ya miyala. Tayala limeneli lidautsa njala ya mphira pa dziko lonse, ndipo Africa adalipira mtengo wake. Ku Congo, pansi pa Mfumu Leopold II, anthu osaŵerengeka adazunzidwa ndi kuphedwa pokakamizidwa kukatapa mphira m'nkhalango. Kuno kwathu nako mphira wa m'tchire ankagulidwa ndi kutumizidwa kunja, pamene otapawo tayala adali asanaliponde.

M'dziko muno njinga idafika ndi amishoni, akuluakulu a boma ndi eni minda. Idawakomera chifukwa kavalo sakhalitsa kumene kuli ntchentche za kashembe, ndiponso njinga imadutsa m'kanjira ka mapazi mmene ngolo singadutse. Kenaka idafika kwa ana a dziko amene adali ndi malipiro a pamwezi: aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, alaliki ochokera ku mishoni monga ya Malamulo ku Makwasa, imene idayamba m'chaka cha 1902, makalaliki a m'maofesi, ndi akapitawo a m'minda ya tiyi. Wothyola tiyi wamba, amene ankaŵerenga masiku ake pa tikiti nagona ku komboni, njinga ankangoiona ikudutsa. Pa masiku amenewo, pamene munthu wakuda ankayembekezeka kuvula chipeŵa akakumana ndi mzungu panjira, kukhala pa chishalo cha njinga yakoyako kudali ulemu waukulu, wolingana ndi suti ndi nsapato.

Chimene chidaifikitsa njinga m'midzi yambiri ndi ulendo wa kunja. Anyamata ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo amene sadatchone ankabwerera ndi zinthu zodziŵika: makina osokera, galamafoni ndi njinga. Maina a Raleigh, Humber, Rudge, Phillips ndi Hercules, ochokera m'mafakitale a ku Nottingham, Coventry ndi Birmingham, adakhala pakamwa pa anthu amene England sadamuonepo. Agogo anga aamuna adabwera nayo Humber yakuda, yokhala ndi chivundikiro cha tcheni, belu, pampu ndi nyali ya dayinamo. Ankaipukuta Loŵeruka lililonse, ankailoŵetsa m'nyumba dzuŵa likamapendeka, ndipo pa mtsinje ankaisenza papheŵa kuti isanyowe. Mwana woliza belu popanda chilolezo ankalaŵa mkwapulo. Komabe njinga yomweyo ndiyo inkanyamula odwala a m'mudzi monse, ndipo ndiyo inkapereka uthenga wa maliro ku midzi yakutali. Boma nalo silidachedwe kuiona: njinga idali ndi msonkho wake, ndipo mwini wake ankamangirirapo kachitsulo ka laisensi kuti asagwidwe panjira.

M'mwezi wa Ogasiti 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa, mkwiyo wa anthu a ku Thyolo pa nkhani ya malo ndi thangata udaphulika. Anthu adatseka misewu ndi mitengo, adadula mawaya a lamya, ndipo chipolowecho chisanazilale m'chigawo cha kummwera anthu 11 adali ataphedwa. Tikutchula zimenezi chifukwa zikutionetsa kuti anthu adadziŵa mwini msewu pa nthaŵiyo: msewu udali mtsempha wa eni tiyi, n'chifukwa chake adautseka. M'zaka zotsatira, pamene mawailesi adali oŵerengeka ndipo lamya idali ya boma ndi azungu, uthenga wa misonkhano ya ndale unkayenda mudzi ndi mudzi pa mapazi ndi pa njinga. Thangata adathetsedwa m'chaka cha 1962, ufulu udadza pa 6 Julaye 1964, ndipo mu 1967 boma lidakhazikitsa bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi, kotero kuti mwini mudzi naye adayamba kukhala ndi munda wake wa tiyi ndi kandalama kogulira njinga.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha amuna a ku Malaŵi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Pulezidenti Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu opita ku migodiko. Ulendowo udayambiranso mu 1977, koma ndi anthu ochepa, nutheratu m'chaka cha 1988. Chitsime chakale cha njinga chidaphwa, koma china chidatumphuka. Njinga za ku India, monga Hero ndi Avon, ndi za ku China, monga Phoenix, zidadzaza masitolo a ku Limbe, ndipo anzathu a ku Zambia adali ndi fakitale yawo ya njinga za Eagle ku Chipata. Kuyambira pamenepo njinga idasiya kukhala ya pa Sabata nikhala ya pakati pa sabata. Amisiri a pansi pa mtengo adaphunzira kuwotcherera kaliyala ya chitsulo chokhuthala, kumanga gudumu ndi masipoko onenepa, ndi kumata chubu kakhumi asanachitaye. Njinga idayamba kusenza chimanga kupita kuchigayo, mkaka kupita ku malo ozizitsira, makala ndi nkhuni kupita mumzinda, ndiponso mikoko ya nthochi za ku Thyolo, zimene zinkadyetsa Blantyre ndi Lilongwe matenda a chisaka asanaziwononge.

Kusintha kwina kudadza m'zaka za m'ma 1990. Mabasi a UTM, amene adagulidwa ndi Stagecoach mu 1989 nadzatchedwa Shire Bus Lines mu 1997, adanka nachepa m'misewu ya kumidzi kufikira kampaniyo idatha. Maminibasi adatenga misewu ya phula, koma njira za fumbi zoloŵera m'midzi adazisiya. Nthaŵi yomweyo anyamata ambiri otuluka sukulu adasoŵa ntchito, ndipo malo olima ku Thyolo adali atachepa kale. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma limeneli lokha. Anyamataŵa adaika khushoni pa kaliyala, adawotcherera poponda ndi pogwira wokwera, ndipo kabaza adabadwa. Kwina amati sakaramento, kwina zobanduka, kwina dampa. Ku Uganda ndi ku Kenya amati bodaboda. Pa nthaŵi ya kusoŵa kwa mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, magalimoto atandanda pa malo omwetsera, anthu ambiri ovala mataye adaphunzira kukhala kumbuyo kwa wakabaza. Sukulu ya ukachenjede ya MUST itatsegulidwa ku Ndata mu 2014, njira za kwa Chimaliro zidalandira alendo ndi magalimoto ochuluka kuposa kale. Njinga zamoto nazo zidaloŵa ntchito ya kabaza, nizidzaza mpata wochepa womwewo. Ndipo namondwe Freddy atagumula misewu ndi milatho m'mwezi wa Malichi 2023, njinga yakapalasa, imene munthu amatha kuisenza pooloka, inkafika kumene galimoto idalephera.

Tsopano tifike pa chilonda chenicheni. Misewu yathu yambiri idapimidwa kuti ikwane magalimoto aŵiri odutsana, basi. Wopalasa njinga amayenda pa kamzere kotsala kumanzere, ndipo m'malo ambiri mvula idakumba mphepetemo kotero kuti phula limathera mwadzidzidzi, pansi pali chigwembe. Malole aŵiri akamadutsana, la kumbuyo limaliza hutala, ndipo tanthauzo la hutalayo aliyense amalidziŵa: choka. Mnyamata wopanda katundu amadumphira m'fumbi napulumuka. Koma bambo amene wamanga matumba aŵiri a makilogalamu 50, kapena wakweza mayi wobereka mwana, sangakhote mwadzidzidzi. Gudumu lakutsogolo likagwera m'chigwembe, katundu amamugwetsa, ndipo nthaŵi zina amagwera mkati mwa msewu. Lole ikamadutsa pafupi imakankha mphepo kutsogolo kwake ndi kukoka mphepo kumbuyo kwake, ndipo njinga imayamba yakankhidwa kenaka n'kukokeredwa ku magudumu. Dalaivala amakhala pamwamba, kudzanja lamanja, ndipo munthu amene ali pansi kumanzere kwa lole yake kaŵirikaŵiri saoneka n'komwe pa galasi.

Nyengo ya ku Thyolo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kumagwa chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Pa tsiku la chiperoni munthu saona kupitirira mitengo ingapo kutsogolo kwake. Mabuleki a njinga zathu zambiri ndi a zitsulo zokoka mphira kuti igwire mkombero wa gudumu, ndipo mkomberowo ukanyowa mphira imayamba yatsetsereka isanagwire. Pa mtsetse wautali, katundu ali kumbuyo, kuchedwa kumeneko ndiko kusiyana kwa moyo ndi imfa. Ena mabuleki adatha kale, ndipo amaimitsa njinga pokanikiza tayala ndi nsapato. Nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndiyo nthaŵi imene tiyi amaphuka kwambiri, ndiye kuti mathirakitala ndi malole a masamba amachuluka, ndipo amakwera paphula ndi matope ofiira oterera ngati therere.

Kenaka pali mdima. Wa mkaka ndi wa tomato amanyamuka kusanache kuti akapeze msika. Wogwira ntchito mumzinda amabwerera dzuŵa litaloŵa. Nyali ya dayinamo ya agogo aja idasoŵa, ndipo njinga zambiri zilibe ngakhale kagalasi kofiira kumbuyo. Taŵerengani nane, omvera. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala amene wathobwa ndi nyali za mnzake wobwera kutsogolo, akamadzazindikira munthu wovala jekete lakuda pa njinga yakuda, phazi lisanafike pa buleki amakhala atafika kale pamene pali munthuyo.

Wopulumuka zonsezi akaloŵa m'Limbe amakumana ndi zina. Minibasi imamudutsa kenaka n'kuima patsogolo pake penipeni kuti ikweze munthu. Chitseko cha galimoto yoima chimatseguka mwadzidzidzi. Mphepete mwa msewu mwadzaza malonda, ngalande zina n'zosavundikira, ndipo pa malo ozungulira magalimoto wopalasa ayenera kudula mizere iŵiri ya anthu amene sakumuyang'ana. Pa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Limbe ndi Blantyre, liŵiro limakula ndipo iye amachepa. Akaimika njinga kuti aloŵe m'sitolo, mtima umatsala panja poopa mbala. Wakabaza akakweza mlendo usiku sadziŵa ngati wakweza kasitomala kapena womulanda. Pamwamba pa zonsezi pali chinthu chimene sichiŵerengedwa m'mabuku a apolisi, ndicho kunyozedwa. Munthu amene wabweretsa ndiwo za mumzinda amatukwanidwa pa windo ndi amene akadye ndiwozo madzulo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Lidanenanso kuti chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfa zimenezi poŵerengera kuchuluka kwa anthu, ngakhale kuti magalimoto ake ndi ochepa. Bungwe lomweli limati munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pa chiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa makilomita 50. Makilomita 15 okha, amene dalaivala sawamva n'komwe m'phazi mwake.

Koma chiŵerengero sichilira maliro. Ndisanayambe ntchito ya pa wailesi ndidaphunzitsapo kanthaŵi pa sukulu ina ya pulaimale, ndipo m'kalasi mwanga mudali mtsikana wanzeru amene adangosiya kubwera. Nditapita kwawo ndidapeza bambo ake atagona pamphasa, mwendo uli m'chikhakha. Adali wa mkaka. Galimoto idawakhudza pokhota m'maŵa wa nkhungu, ndipo sidaime. Njinga idali pakhonde, gudumu litapindika ngati lichero. Iwo sadafe, choncho m'nkhani za pa wailesi sadatchulidwe. Koma mkaka udasiya kufika kumsika, ng'ombe idagulitsidwa kuti alipirire maulendo a kuchipatala, ndipo mwana uja adapita kukagwira ntchito ya m'nyumba mumzinda. Ngozi imodzi ya pamsewu idathyola mwendo umodzi ndi tsogolo la anthu asanu.

Tisakondere, omvera. Opalasa njinga nawo ali ndi milandu yawo. Alipo oyenda kudzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto, pamene lamulo la dziko lino ndi kumanzere. Alipo omanga matabwa kapena malata mopingasa, otenga theka la msewu. Alipo okhota osatambasula dzanja, oyenda atatu mondondozana m'mbali akucheza, otseka makutu ndi nyimbo za pa foni, ndi okwera chishalo atachoka pa kachasu. Malamulo a pamsewu a 1997 amaiŵerengera njinga pakati pa zoyenda pamsewu, ndipo amene wapatsidwa malo wapatsidwanso udindo. Chokhacho tidziŵe kuti kulakwa kwa aŵiriŵa sikulemera mofanana. Wanjinga akalakwa amafa yekha. Wagalimoto akalakwa amafa ndi wina.

Kodi zimenezi n'zosasinthika? Tiyeni tione dziko la Netherlands, limene lero limatchuka kuti ndi kwawo kwa njinga. Silidabadwe lotero. Magalimoto atachuluka nkhondo yachiŵiri itatha, anthu a kumeneko nawo adayamba kuthera pamsewu, ndipo m'chaka cha 1971 adafa oposa 3,000, mwa iwo ana oposa 400. Makolo adakwiya nayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Kusoŵa kwa mafuta kwa 1973 kudawonjezera mphamvu pa mawu awo, ndipo boma lidayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za magalimoto ndi kuchepetsa liŵiro m'malo okhala anthu. Imfa zidatsika kwambiri. Wina anganene kuti amenewo ndi olemera. Zoona. Koma chimene adayamba nacho sichidali ndalama. Adayamba ndi kukana kunena kuti imfa ya pamsewu ndi tsoka chabe. Maiko a dziko lapansi atakumana ku Stockholm mu 2020 adagwirizana kuti pamene magalimoto akusakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga, liŵiro loyenera ndi makilomita 30 pa ola. Ndipo bungwe la United Nations, m'chaka cha 2018, lidapatula tsiku la 3 Juni kukhala tsiku lokumbukira njinga.

Nanga ife tichite chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Kwa akuluakulu oyang'anira misewu tikuti, pomanga kapena pokonza msewu wodutsa m'dera la anthu ambiri ngati Thyolo, mphepete yaphula yotakata bwino isakhale chinthu choyamba kuchotsedwa ndalama zikachepa, ndipo pa misika ndi pa sukulu pakhale zochepetsa liŵiro zooneka patali. Kwa eni minda ya tiyi ndi eni malole tikuti, nthaŵi imene mumapatsa dalaivala kuti akafike ku Limbe ndiyo imalamula phazi lake; mupatseni nthaŵi yokwanira. Kwa madalaivala tikuti, hutala si buleki. Ngati malo odutsira wanjinga palibe, dikirani kumbuyo kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mabungwe a akabaza tikuti, musalole mnzanu kuima pa siteji yanu ndi njinga yopanda mabuleki. Ndipo kwa inu bambo amene mukumvera muli kumanga katundu wa maŵa, kagalasi kofiira, katochi kakutsogolo, mphira zatsopano za mabuleki ndi malaya oŵala zonse pamodzi sizifika mtengo wa ngozi imodzi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Tidayamba ndi funso lakuti msewu ngwa yani. Mbiri yatiyankha kuti poyamba udali wa eni katundu, ndipo munthu wa m'mudzi ankauyenda ngati wosenza. Kenaka udakhala wa lole, ndipo iye adakankhiridwa kumphepete. Koma msewuwo adaulambula ndi makasu ndi agogo ake, ndipo msonkho womangira phula amaupereka iyenso nthaŵi iliyonse akagula sopo, tayala kapena chubu. Maŵa tambala akalira adzanyamukanso pa Goliati ndi zigubu zake, ndipo kunyumba adzakhala akumudikira madzulo. Inu amene mudzampeze panjira muli pa chiwongolero, mpatseni malo.